Musamubisire mwana mano a shaki

Mwana wanga wamkazi ali giredi 4 pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Cape Town. Tsiku lina teremu yathayi anabwera ndi chipepala chachikulu chimene anajambula m'kalasi, n'kuchimata pachitseko cha firiji asanavule ndi nsapato zomwe. Pachipepalapo panali shaki yabuluu, yomwetulira, ya nsidze zazitali ngati mkwatibwi, m'kamwa mulibe dzino ndi limodzi lomwe. Nditamufunsa kuti mano apita kuti, anati, "Adadi, aticha anena kuti shaki ndi bwenzi lathu. Ndiye sindimafuna kuti izioneka yoopsa."

Sabata yomweyo tinapita kunyanja ku Muizenberg ndi banja la mnzanga wina wakwathu. Mnyamata wawo, wa msinkhu umodzi ndi wanga, anakana kuviika ngakhale chala. Anakhala pamchenga tsiku lonse atakumbatira mawondo, chifukwa msuweni wake anamuonetsa kanema pafoni, madzi ali psuu ndi magazi, anthu akukuwa. Amayi ake anayesa kumunyengerera ndi ayisikirimu, iye n'kudya ayisikirimuyo ali pompo.

Ana awiri onsewa ananamizidwa, ndipo sindikuona kuti bodza lina ndi labwinoko kuposa linzake. Wina anauzidwa kuti m'nyanja muli chilombo chimene chimadzuka m'mawa ndi njala ya mnofu wa mwana. Wina anauzidwa kuti muli chidole. Ine ndimati mwana wa zaka 9 kapena 10 wakula mokwanira kuti amve nkhani yonse: shaki ndi nyama yolusa imene nthawi zina imaluma munthu mpaka kumupha, kawirikawiri munthu ilibe naye ntchito, ndipo pakati pa ife ndi iyo amene akutha mnzake ndi ife. Zonsezi zimakwana bwinobwino m'mutu mwa mwana. Amene zimawavuta kuzinyamula pamodzi ndi ife akuluakulu, n'chifukwa chake timasankhapo chimodzi n'kumupatsa.

Ndinakulira m'mbali mwa Shire, ku Mangochi, pamene mtsinjewu wangochoka m'nyanja kulowera ku Malombe. Kumeneko ng'ona si nkhani ya m'buku. Sindikumbukira munthu wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anatiuza kuti ng'ona ndi bwenzi lathu. Mudzi wonse ukanamuseka. Sindikumbukiranso amene anatiletseratu kupita kumadzi, pakuti ndiwo zikanachokera kuti, nanga tikanasamba kuti? Agogo anga aakazi ankatifotokozera khalidwe la nyamayi monga mmene munthu amafotokozera khalidwe la mnansi wovuta amene sungathe kumusamutsa. Usatunge pamalo amodzimodzi nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku, ng'ona imawerenga. Dzuwa likalowa choka padooko. Pamene anthu atumbulira nsomba si posambira. Madzi akada ndi mvula usalowe mpaka m'mawondo. Ukaona chipika chimene dzulo panalibe, yang'ana kawiri. Ankanena izi akutsuka mbale, osakweza mawu, ngati akutiuza mtengo wa mchere. Mantha tinali nawo ndithu, koma anali mantha oti umadziwa pothawira ndi nthawi yake.

Nditafika kuno ndinadabwa kupeza kuti malangizo a pa shaki ndi omwewo a agogo, angosintha dzina la nyama. Pewa kusambira mbandakucha ndi chisisira. Pewa madzi avundu ndiponso pamene mtsinje ukuthira m'nyanja mvula itangogwa. Ukaona mbalame zikudumphira m'madzi pamalo amodzi, dziwa kuti pali nsomba zambiri, ndipo pali nsomba sipalephera wozidya. Usasambire pafupi ndi asodzi amene akukoka khoka. Usapite wekha kutali kuseri kwa mafunde. Palibe chimene mwana wa giredi 4 angalephere kumva pamenepa.

Kuno kuli ngakhale anthu olembedwa ntchito yoyang'ana. Gulu la Shark Spotters linayamba mu 2004 ku Muizenberg komweko: munthu amakhala paphiri pamwamba pa gombe ndi zoonera patali, mnzake ali pansi pamchenga ndi mbendera ndi sairini. Mbendera yobiriwira ikutanthauza kuti madzi akuoneka bwino ndipo woyang'ana sakuona shaki. Yakuda ikutanthauza kuti madzi sakuoneka bwino, woyang'ana sangakulonjezeni kanthu. Yofiira ndi yochenjeza, monga pamene shaki yaonedwa posachedwa. Yoyera yokhala ndi chithunzi cha shaki, limodzi ndi sairini, ndiye kuti tulukani. Mwana wanga, amene anakhala sabata yathunthu pa mutu wa shaki m'kalasi, sankadziwa mbendera ndi imodzi yomwe. Ankadziwa nyimbo yake yokha. Apa m'pamene pali dandaulo langa.

Ndisawaweruze kwambiri aphunzitsi. Munthu ali ndi ana 40 m'chipinda, ena sanadye, ena Chingerezi ndi chilankhulo chawo chachitatu, ndipo mapepala okongola a shaki yomwetulira amabwera okonzakonza, ongofunika kugawa. Amene amakonza mapepala oterewa cholinga chawo ndimachimvetsa. Kwa zaka zambiri mafilimu akhala akuonetsa shaki ngati mfiti ya m'madzi, ndiye iwo akufuna kuwongola. Koma akamawongola amapyoza. Ndipo mwana si chitsiru. Tsiku limene adzamve pawailesi kuti munthu wadyedwa, adzazindikira kuti anamubisira, ndipo zina zonse zimene munamuuza za kuteteza nyanja adzaziponya m'dzala limodzi ndi shaki ya nsidze ija.

Anthu amafa, tisabise. Ku Fish Hoek, pamene ndi pafupi ndi Muizenberg, mayi wachikulire anaphedwa ndi shaki mu 2004, ndipo mu Januwale 2010 bambo wochokera ku Zimbabwe anaphedwa pagombe lomwelo. Mu 2011 bambo wina anaduka mwendo chakomweko atalowa m'madzi gombe lili lotseka chifukwa shaki inali itaonedwa. Nkhani yachitatuyi ndi imene ndingaiike m'kalasi, popanda zithunzi, popanda magazi. Chenjezo linalipo. Mwana akamva zimenezi saopa nyanja, amayamba kuyang'ana mbendera.

Kenako abwere manambala, ndipo abwere pa nthawi ya masamu, osati ngati ulaliki. Ku Florida Museum of Natural History ku America amasunga kaundula wa anthu olumidwa ndi shaki padziko lonse. Mu 2023 analemba anthu 69 olumidwa popanda kuiputa nyamayo, ndipo 10 mwa iwo anamwalira. Chinali chaka choipa poyerekeza ndi zaka zambiri. Mbali inayi, kafukufuku wina wa mu 2013 anayerekeza kuti anthu amapha shaki pafupifupi 100 miliyoni pachaka. Musamuuze mwana tanthauzo lake, mupatseni choko agawe yekha. Pa mphindi imodzi apeza shaki pafupifupi 190. Pa piriyodi ya mphindi 40 apeza 7,600. Belu likamalira, iye ali ndi nambala imene waipeza ndi dzanja lake, ndipo simufunikanso kumuimbitsa nyimbo yoti shaki ndi bwenzi. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2021 anapeza kuti shaki za pakati pa nyanja zikuluzikulu, pamodzi ndi abale ake ophwatalala amene pa Chingerezi amati ma ray, zachepa ndi 71 peresenti kuyambira mu 1970. Agogo ake a mwanayo anali atabadwa kale mu 1970. Zachitika m'moyo wa munthu mmodzi.

Komabe phunziro labwino silingayambire pa imfa, kaya ya munthu kaya ya shaki. Liyambire pa chinthu chimene mwana angagwire. Loweruka lina, mphepo itawomba usiku wonse, ine ndi mwana wanga tinatola pagombe kathumba kouma kofiirira, kotalika ngati chala, kolimba ngati chikopa, kokhala ndi tizingwe topotana m'makona. Mbali imodzi kanali kong'ambika bwinobwino ngati emvulopu yotsegulidwa ndi mpeni. Iye ankati ndi pulasitiki. Chinali chikamba cha dzira la shaki, ndipo pong'ambikapo ndi pamene kamwana kanatulukira. Tizingweto ndi timene timakola dziralo ku zomera za m'madzi kuti mafunde asalitenge. Anakaika m'kapu ya madzi kunyumba, kanafewa n'kufufuma, ndipo anakhala nako patebulo mpaka amayi ake anadandaula za fungo. Mafunso amene anatuluka m'kathumba kameneko anaposa a sabata yonse ya kusukulu. Shaki imaikira mazira ngati nkhuku? Zina inde, zambiri zimabereka ana amoyo. Mayi ake ali kuti? Anapita, shaki silera. Nanga kakudya chiyani panopa?

Eni mazira oterewa ndi tishaki ting'onoting'ono ta m'miyala ya m'gombe la kuno, tambiri tosafika ngakhale mita imodzi. Pali kena kamene ukakagwira kamadzipinda n'kuphimba maso ndi mchira wake ngati mkamwini amene wakumana ndi apongozi panjira, moti pa Chingerezi anakapatsa dzina la shaki yamanyazi. Pali ina ya mizeremizere imene amati yavala zogonera. Mitundu ya shaki ilipo yoposa 500, ndipo imene inaphapo munthu ndi yowerengeka. Yaing'ono kwambiri imakwana padzanja. Yaikulu kwambiri, imene ndi nsomba yaikulu kuposa nsomba zonse, imatalika kuposa basi, koma imadya tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi pochita kusefa, ndipo ku Tofo, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, alendo amalipira ndalama kuti akasambire pambali pake.

Thupi lake nalonso ndi kalasi palokha, ndipo zambiri mwana akhoza kuziyesa pathupi lake. Agwire khutu lake ndi nsonga ya mphuno: mafupa a shaki ndi ofewa ngati amenewo, mulibe fupa louma ngati la chambo. Khungu lake ndi timamba tokhala ngati timano, ukasisita kulowera kumchira n'losalala, ukabwerera limakanda ngati sandipepala. Mano amakhala m'mizere, la kutsogolo likaguluka la kumbuyo limasendera, moyo wake wonse. Mwana amene wangogulula dzino lake sabata yatha amamva nsanje akamva zimenezi. Pamphuno pali timabowo timene timamva mphamvu ya magetsi yochepetsetsa imene thupi la nyama iliyonse yamoyo limatulutsa, moti nsomba yobisala mumchenga imapezeka. Ilibe kathumba ka mpweya kamene timapeza tikamatumbula nsomba zathu. Chimene chimaithandiza kuyandama ndi chiwindi chachikulu chodzaza mafuta. Makolo a shaki analipo m'nyanja zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo, padziko pasanamere mitengo. Ndipo shaki ya ku Greenland, ya m'madzi ozizira a kumpoto, kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti ingakhale ndi moyo zaka zosachepera 272, ndipo yaikazi imayamba kubereka ili ndi zaka pafupifupi 150. Ndiuzeni ngati pali chifukwa chopekera shaki ya nsidze pamene yeniyeni ili ndi zonsezi.

Mabodza ena ofala akhoza kukhala masewera a m'kalasi. Zoti shaki iliyonse ikasiya kusambira imafa n'zoona pa mitundu ina yokha. Tishaki ta m'miyala tija timagona pansi phee. Zoti shaki sidwala khansa ndi bodza, ndipo ndi bodza limene laphetsa shaki zambiri chifukwa anthu amagula mankhwala opangidwa ndi mafupa ake. Mwana amene wazolowera kufunsa kuti "mwadziwa bwanji?" pa nkhani ya shaki adzafunsanso chimodzimodzi pa uthenga wa pa WhatsApp.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikanakonda mwana aliyense atuluke nacho, chifukwa ndicho chimafotokoza chifukwa chake nyama yamphamvu chotere ikutha: shaki imabereka mochedwa ndiponso ana ochepa. Shaki ya mano otuluka panja imene ana amaiona ku Two Oceans Aquarium kuno kapena ku uShaka Marine World ku Durban imabereka ana awiri okha, pafupifupi kamodzi pa zaka ziwiri. Amakhala awiri chifukwa m'chiberekero chilichonse mwa ziwiri zimene ili nazo, mwana amene wakula msanga amadya abale ake asanabadwe. Inde, n'zoopsa, ndipo ana amazikonda kwabasi. Mwana wanga anafotokozera mchimwene wake wamng'ono nkhaniyi pa chakudya, akumuyang'ana m'maso. Koma ukaika pamodzi ana awiri pa zaka ziwiri ndi ukonde umene umagwira tsiku lililonse, masamu ake safuna digiri.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandifikitsa kwathu, ngakhale kwathu kulibe shaki. Wina anganene kuti mwana wa ku Dedza kapena ku Mzimba, amene mwina sadzaona nyanja ya mchere moyo wake wonse, shaki ndi yachiyani kwa iye, pamene sadziwa mpasa ndi kampango. Ndikuvomereza, theka lake. Chambo, usipa, mbuna, mvuu ndi ng'ona zikhale patsogolo, ndipo sabata yathunthu ya shaki ku Malawi kungakhale kutaya nthawi. Koma funso limodzi loti "kodi m'nyanja yathu muli shaki?" ana amafunsa okha, ndipo yankho lake ndi phunziro lokoma la mapu. Mulibe. Si chifukwa cha madzi opanda mchere okha, pakuti pali mtundu wina umene umakhala bwinobwino m'madzi a mumtsinje. Kuno ku South Africa amautchula kuti shaki ya Zambezi, chifukwa umakwera mtsinje umenewo kuchokera kunyanja ya Indian. Mtundu womwewu umapezeka m'nyanja ya Nicaragua ku Central America. Shire amathira mu Zambezi, ndiye mwana wochenjera afunsa kuti bwanji sufika ku Mangochi. Atsate Shire ndi chala pamapu, apeza Kapichira, Tedzani ndi Nkula, mathithi omwe aja amene amatipatsa magetsi. Nsomba yochokera kunyanja ya mchere siingakwere makwerero amenewo. M'funso limodzi mwatuluka mitsinje iwiri, mayiko awiri ndi gwero la magetsi a m'nyumba mwake.

Ndipo phunziro la kubereka mochedwa lija ndi lathu lomwe. Chambo chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndiye ukagwira mayi pa nthawi yoswana wapha banja lonse. Ku Malombe kumene ndinakulira chambo chinatha ife tikuona, ndipo maneti a udzudzu amene anabwera kuti atiteteze ku malungo ena anakathera m'madzi kukakokolola ndi tiana tomwe. Pachilumba cha Mbenji ku Salima mafumu akhala akutseka usodzi miyezi ingapo chaka chilichonse kwa zaka zambiri, ndipo asodzi a kumeneko safunika kuwauza ubwino wake. Mwana amene wamvetsa chifukwa chake shaki ikutha wamvetsanso chifukwa chake bambo ake akubwera ndi bwato lopepuka.

Ndatchula bambo ake dala. M'makalasi a ku Kalk Bay ndi ku Hout Bay kuno ku Cape Town, kapena m'midzi ya m'gombe la Mozambique, mumakhala ana a asodzi. Mapepala okongola aja amakonda kukhala ndi munthu woipa, ndipo woipayo amakhala msodzi. Kuuza mwana kuti amene amamugulira yunifolomu ndi chigawenga si maphunziro, ndi chipongwe. Kulibwino atsate ndalama. Zipsepse zouma za shaki zimapita ku Hong Kong ndi misika ina ya ku Asia kukapangira supu wa pamaphwando. Nyama ya shaki zina zazing'ono zogwidwa kuno ku South Africa imakagulitsidwa ku Australia, kumene amaidya yokazinga ndi tchipisi pansi pa dzina lina. Shaki zambirimbiri zimafera pa mbedza ndi maukonde a zombo zikuluzikulu zimene zimafuna nsomba zina. Msodzi wa bwato laling'ono ali kumapeto kwa chingwe chimenechi, ndipo iye ndiye amalandira zochepa. Ana a giredi 6 kapena 7 akhoza kujambula chingwe chonsecho pabolodi n'kukangana kuti wosintha ayambe ndani.

Kukangana n'kumene ndikufuna, chifukwa nkhani ya shaki ili ndi mafunso amene akuluakulu omwe sanagwirizane. Tengani maukonde a ku KwaZulu-Natal. Durban inaika maukonde oyamba mu 1952. Kenako kuyambira mu Disembala 1957 mpaka kumayambiriro a 1958, anthu angapo anaphedwa ndi shaki motsatizana m'magombe a kumwera kwa mzindawu, alendo anathawa, mahotela anatsala opanda anthu, mpaka asilikali a pamadzi anaponya mabomba m'nyanja. Mu 1964 panakhazikitsidwa bungwe limene lero limatchedwa KwaZulu-Natal Sharks Board. Anthu ambiri amaganiza kuti maukondewa ndi mpanda wotchinga gombe. Si mpanda, shaki ikhoza kudutsa pansi kapena m'mbali. Ntchito yake ndi kukola ndi kuchepetsa shaki zazikulu pafupi ndi posambira, ndipo amakolanso akamba a m'nyanja ndi ma dolphin. Imfa za anthu m'magombe otetezedwawa zinachepa kwambiri, zimenezo n'zoona. Kuti nyama zosalakwa zimafa, nazonso n'zoona. Cape Town inasankha njira ina, ya munthu paphiri, ndipo ku Fish Hoek amaika ukonde wotchinga wa maso ang'onoang'ono m'mawa n'kuuchotsa madzulo; koma njira ya paphiri imafuna phiri ndi madzi oonekera, zimene si gombe lililonse lili nazo. Gawani kalasi pawiri: ena akhale eni hotela ndi makolo a ana osambira, ena akhale oteteza akamba. Mudzamva mfundo zimene simunaziyembekeze. Ine ndimakonda njira ya Cape Town, koma sindikanafuna kuti mphunzitsi auze mwana wanga kuti yankho ndi limenelo.

Palinso chinsinsi chimene chili pakhomo pathu penipeni. South Africa inali dziko loyamba kuteteza shaki yoyera yaikulu ndi lamulo, mu 1991, ndipo False Bay, nyanja imene ili ku Muizenberg ndi Fish Hoek, inkadziwika dziko lonse chifukwa cha nyama imeneyi. Pakati pa 2010 ndi 2016 oyang'ana paphiri aja ankaiona maulendo pafupifupi 200 pachaka. Mu 2019 sanaione. Mu 2017 mitembo ya shaki zoyera inayamba kupezeka m'gombe la ku Gansbaai itang'ambidwa ndi kuchotsedwa chiwindi, ndipo amene ankachita izi anali anamgumi awiri olusa a mtundu wa orca amene ofufuza anawapatsa mayina oti Port ndi Starboard. Ena amati shaki zinathawa awiriwa n'kusamukira kum'mawa. Ena amati usodzi unatha shaki zing'onozing'ono zimene zoyerazo zimadya, komanso kuti zina zikufera m'maukonde. Mwana akamva kuti chilombo chija nachonso chili ndi amene chimamuthawa, komanso kuti anthu ophunzira akukanganabe, amakhala tsonga. Mabuku a kusukulu amakonda kuonetsa sayansi ngati nkhokwe yotseka, yodzaza kale. Apa pali nkhokwe yotsegula imene mwana angaganize kuti mwina ndi iye adzaikamo kanthu.

Chinthu chomaliza chimene ndingaumirire n'chakuti phunziro la shaki lisathe osatchula chimene chimaphadi ana kunyanja. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 300,000 amamira chaka chilichonse padziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana ndi achinyamata. M'magombe a kuno wakupha wamkulu ndi kanjira ka madzi obwerera, kamene kamaoneka kabata pakati pa mafunde koma kamakokera munthu m'kati. Ife ochokera kunyanja ya kwathu timapusitsika nako kwambiri, chifukwa timadziona ngati odziwa kusambira ndipo timasankha dala pamene paoneka podekha. Mwana adziwe kusambira pakati pa mbendera za opulumutsa anthu, adziwe kuti akakokedwa asalimbane ndi madzi koma ayandame, akweze dzanja, asambire cham'mbali. Adziwenso ntchito ya zoyandamitsa zapinki zimene bungwe la National Sea Rescue Institute linayamba kupachika m'magombe mu 2017. Shaki ndiyo nyambo yokokera chidwi cha kalasi. Ukachipeza chidwicho, chigwiritse ntchito. Mnyamata wa mnzanga uja ankaopa chinthu chimene mwina sadzachiona, koma za madzi okoka anali asanamvepo.

Kusukulu sindinapite kukadandaula. Ndinangotenga mwana wanga Loweruka lotsatira, tinakhala pakhoma la pagombe n'kuwerenga chikwangwani cha mbendera mpaka analoweza. Chipepala cha pafiriji anachichotsa yekha. Chimene chilipo tsopano chili ndi mizere itatu ya mano, yochuluka mwina kuposa mmene zimakhalira, timadontho pamphuno, ndi muvi woloza pamimba wolembedwa kuti chiwindi. Nsidze anazisiya, akuti imeneyo ndi yaikazi.

Titabwereranso ku Muizenberg ndi banja lija, mbendera inali yakuda. Mwana wanga anamukoka mnzakeyo dzanja n'kumuonetsa.

"Yakuda ndiye kuti muli shaki?" anafunsa mnyamatayo.

"Ayi. Ndiye kuti wa paphiri uja sakuona bwino."

"Ndiye ikhoza kukhalamo."

"Ikhoza. Tilekeza m'mawondo, ndipo sairini ikalira tithamanga."

Anaganiza kanthawi, akukumba mchenga ndi chala chachikulu cha kuphazi. Kenako anavula malaya n'kupatsira amayi ake.